Zandilowa tsopano: distro ndi china, desktop ndi china

Abale, mtima wanga wakhala pansi. Nkhani ya Linux, system yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yakhala ikundizunguza mutu chifukwa ili ndi mitundu yambiri yotchedwa ma distro, uyu akuti ika Mint, uyu akuti Fedora, wina akuti popanda Arch palibe chomwe ukuchita, ndiye ukayang'ana zithunzi zake zonse zikuoneka zosiyana, sudziwa kuti ukusankha chani kwenikweni. 

Chomwe chandilowa ndi ichi: zomwe umaona pa sikirini ndi nkhani ina, komwe mapulogalamu ako akuchokera ndi nkhani inanso. KDE Plasma, GNOME, Xfce, Cinnamon, zonsezi ndi ma desktop, maonekedwe apamwamba chabe, pa distro imodzi ngati Debian ukhoza kuikapo iliyonse, ngakhale ziwiri nthawi imodzi nkumasankha polowa. Distro yeniyeni ndi gulu la anthu amene amasonkhanitsa mapulogalamu, kuwapakira, kuwasayina ndi makiyi awo nkuwasunga mu repo, nkhokwe yawo ya pa intaneti. Ukalemba sudo apt install vlc, lamulo louza apt, pulogalamu yoika mapulogalamu, kuti iike VLC yoonerera mavidiyo, kompyuta sipita kukafufuza paliponse pa intaneti ayi, imakatenga ku nkhokwe ya distro yako ndipo imaona kaye ngati siginecha ili yolondola isanaike kanthu. Basi, pamenepo mpamene pagona nkhani yonse ya privacy. Posankha distro ukusankha anthu oti uziwakhulupirira, mitundu ndi mabatani udzasintha mawa ukafuna.

Ndipo nditangomvetsa zimenezi zambiri zinalongosoka zokha. Debian inayamba mu 1993, Ubuntu inabwera mu 2004 itamangidwa pa Debian, Mint nayo inamangidwa pa Ubuntu, ndiye zitatu zomwe anthu amakanganiranazi ndi banja limodzi, apt yake ndi yomweyo. Taganizani zomwe tinazolowera pa boma pano, umapita ndi laputopu kwa anyamata oika mapulogalamu, amathimitsa kaye antivirus, nkulowetsa flash yomwe yadutsa m'makompyuta a anthu osawerengeka, Office ya crack, activator, ukafika kunyumba mafoda ako onse asanduka ma shortcut. Sindikuwanyoza anyamatawa, akusaka ya ndiwo, koma iwonso sadziwa kuti anakonza crack ija ndani komanso anabisamo chani. Kusiyana kwake kuli ngati kugula mankhwala ku famase ndi kugula mapilisi opanda dzina pa thebulo la pamsika.

Njira yoyesera ma distro yomwe ndikuikonda kwambiri ndi pulogalamu ya Ventoy, ndipo kwa ine palibenso ina yoposa. Umaiika kamodzi pa flash, kenako umangokoperamo ma ISO, mafailo okhala ndi distro yonse, ngati ukukopera nyimbo, ukayatsa kompyuta imakupatsa menyu usankhe. Osakhudza hard drive ngakhale pang'ono. Umalowa mu Mint, kuyesa wifi, mawu, printer, kutuluka, kulowa mu Debian ya KDE, kuona fani ikulira bwanji. Kutentha kwa kuno mumakudziwa, mu Okutobala laputopu ya RAM ya 4GB imachita kuotcha ntchafu, ndiye Xfce ndi yomwe yandipatsa mtendere chifukwa ndi yopepuka. Ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi aliyense wophunzira kompyuta akuyamba ndi flash ya Ventoy asanagwire nkomwe Word, zoona.

Pamwamba pakepo ndasankha zochepa. Firefox yokhala ndi uBlock Origin, yomwe imatseka zotsatsa ndi ma tracker okulondola pa intaneti komanso bundle imakhalitsa chifukwa zinyalala zija sizitsika. KeePassXC ya ma password, chifukwa imasunga zonse mu failo imodzi yokhoma pa kompyuta yanga yomwe osati pa seva ya kampani ina. LibreOffice, VLC. Ndipo poika system ndinachonga pa encryption ya LUKS, yomwe imakhoma hard drive yonse ndi passphrase, password yaitali, kuti wina akaba laputopu mu minibasi ya ku Namwera apeze chitsulo chokha osati mafailo anga, koma dziwani kuti mukaiwala passphrase imeneyo palibe amene angakutsegulireni.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi chakuti zonsezi ndaziphunzira ndekha usiku. Ku kosi komwe ndimapita timangobwereza ma margin ndi ma formula a Excel, tsiku lina nditafunsa aphunzitsi za Linux anangoti izo sizibwera pa mayeso, nkupitiriza. Chonsecho Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 komwe makompyuta ambiri akale omwe timagula kuno alibe, ndiye ophunzira onsewa adzalowera kuti? Mphindi khumi zokha zofotokoza kuti repo ndi chani zikanandipulumutsa nthawi yambiri. Nthawinso ndi vuto, masana uli ku geni, usiku ukuti utsitse ISO ya ma GB angapo magetsi athima ili pakati, kuyambiranso.

Pali pomwe ndikadali njakata. Mapulogalamu a mu repo ya Debian amakhala akale pang'ono, Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu, imabweretsa atsopano komanso imawatsekera kuti asamafike paliponse mu system, koma imadya bundle koopsa ndipo apo ndiye kuti ndayamba kukhulupiriranso anthu ena a ku Flathub, nkhokwe ya Flatpak. Code yomwe amati ndi yotseguka kwa aliyense ine sindinafike poiwerenga, ndikungodalira kuti alipo amene amaiwerenga. Komanso WhatsApp ndi Facebook ndimatsegulabe mu Firefox yomweyo chifukwa makasitomala ndi achibale onse ali komweko, Signal, pulogalamu yochezera yosamala za privacy, ndaika koma mulibe woyankhula naye. Ndiye kaya ndatseka zambiri kapena zochepa, sindikudziwa bwino, mwina ena a inu amene munayamba kale mundiuze kuti za Flatpak munazithetsa bwanji.