Kashiamu mu ubongo: si nthawi zonse matenda a Fahr

Chithunzi cha CT scan chikaonetsa madontho oyera mkati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri molingana, dzina lomwe limabwera msanga ndi matenda a Fahr, kuchokera kwa Karl Theodor Fahr wa ku Germany yemwe anafotokoza za wodwala wotere mu 1930. Madonthowo ndi kashiamu ndi fosifeti, michere yomwe imapanga mafupa, zomwe zaundana m'mbali mwa timitsempha ta magazi, makamaka mu basal ganglia, gawo lomwe limawongolera kayendedwe ka thupi. CT imawaonetsa bwino kuposa MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi.

Koma dzinali lisamaperekedwe magazi asanayezedwe: kashiamu, fosifeti ndi homoni ya PTH, yomwe imawongolera kashiamu m'magazi. Pa matenda a Fahr, omwe ndi akumtundu, zitatuzi zimakhala bwinobwino. Kashiamu akakhala wochepa, fosifeti wokwera, PTH yotsika, vuto lili pakhosi, m'tiziwalo ta parathyroid topanga PTH, tomwe nthawi zina timavulala pa opaleshoni ya chithokomiro. Wodwalayo amamva dzanzi kuzungulira milomo, zala zimapindika n'kuuma, ena amakomoka. Uyu amathandizika ndi kashiamu ndi vitamini D wa mtundu wa calcitriol, ndiye n'zopweteka mtima kumubweza kwawo ku Ndirande kapena ku Bangwe atauzidwa kuti palibe mankhwala. Kuno ku Blantyre tikumbukirenso HIV mwa ana, ndi nyongolotsi ya nkhumba, zomwenso zimabweretsa madontho mu ubongo, ngakhale madontho a nyongolotsiyo amakhala omwazikana. Okalamba ambiri ali ndi timadontho tochepa tosavutitsa.

Tikatsimikiza kuti si chimodzi mwa zimenezi, m'pomwe timafunsa za kumtundu. Jini (kachidutswa ka chibadwa komwe mwana amatengera kwa makolo) yoyamba kudziwika pa matendawa inali SLC20A2, mu 2012, ndipo ndi yomwe imapezeka kwambiri. Ntchito yake ndi kulowetsa fosifeti m'maselo. Ikawonongeka, fosifeti amatsalira kunja n'kugwirana ndi kashiamu. Jini ina, XPR1, imatulutsa fosifeti m'maselo. PDGFB ndi PDGFRB zimasamalira khoma la timitsempha ta mu ubongo. Pa zinayi zimenezi, kholo limodzi ndi lokwanira: mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi pa iwiri wotengera. MYORG ndi JAM2 zimafuna kuti bambo ndi mayi onse akhale nazo, mwayi n'kukhala umodzi pa inayi, ndipo ukwati wa pachisuweni umakulitsa chiopsezo.

Zizindikiro kawirikawiri zimayamba munthu atakula kale: kunjenjemera, kuuma thupi, kuyenda mwapang'onopang'ono kapena modzandira, mawu kusamveka bwino, kuiwala, mutu, khunyu, kuvutika maganizo, ngakhale misala. Pabanja limodzi, mchemwali angathe kudwala kwambiri pomwe mlongo wake ali ndi madontho omwewo koma akulima bwinobwino.

Mankhwala osungunula kashiamuyo kulibe, timalimbana ndi zizindikiro. Levodopa, mankhwala a matenda a Parkinson, amathandiza ena onjenjemera, ena ayi. Chenjezo lalikulu lili pa haloperidol ndi chlorpromazine, mankhwala a misala: wodwala akabwera atasokonekera mutu, mankhwalawa angamuumitse thupi koposa, choncho ayambe ndi mlingo wochepa kwambiri, achibale auzidwe kuti akaona khosi kapena nsagwada zikuuma abwerere naye kuchipatala msanga.