Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Januwale wa mabuluku

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito m'shopu ya nsalu ku Old Town. Ndinali komweko mu Januwale 2012, mavenda ena atayamba kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi. Zinachitika muno mu Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre komwe.

Ine sanandigwire. Koma mtsikana wina anathawira m'shopu mwathu kuchokera kudepoti, bulauzi itang'ambika paphewa, nsapato imodzi itatsala kumsewu. Mayi wamandasi wapakhonde anamasula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa, osamufunsa n'dzina lomwe. Sabata imeneyo zitenje zinayenda malonda kuposa pa Khirisimasi. Abwana ankamwetulira powerenga ndalama, ine ndikudula nsalu mtima uli phuliphuli. Mabulukuwotu tinkagula kwa mavenda omwewo, pa kaunjika!

Madzulo ku Kawale amayi anati, "Mwanawe, uzingomanga chitenje pamwamba, ukavule ukafika. Ife tinakula choncho, kodi tinafa?" Sindinawatsutse. Iwo utsikana wawo anauthera pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, nthawi ya a Kamuzu, loletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo. Komatu lamulolo linathetsedwa mu 1993. Anyamata ankavula anthuwo, ambiri anali akadali kumsana pomwe linkatha. Nanga ankateteza lamulo la yani?

Ena ankati ndi mkwiyo chabe, poti petulo kunalibe, ndalama zakunja zinasowa, malonda sanali kuyenda. Mavutowo analipodi, tonse tinkaona mizere ya magalimoto pa mafilingi. Koma sindinamvepo kuti bambo wina amuvula jekete chifukwa cha petulo.

Amayi a ku Blantyre anasonkhana atavala mabuluku mwadala, ndipo mayi Joyce Banda, apo n'kuti ali wachiwiri kwa pulezidenti, anadzudzula nkhanzazo poyera. Patangotha miyezi itatu anakhala pulezidenti, ndipo mu 2013 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, lomwenso limaletsa kuzunza munthu pa nkhani zogonana.

Kasitomala wina, mphunzitsi wa kukoleji, anandipeza ndikukangana ndi kondakitala pakhomo la shopu. Anandikokera pambali n'kuti, "Achemwali, pakamwa muli napo, chatsala n'kudziwa malamulo. Loweruka mubwere ku Area 18." Zomwe ndinakapeza kumeneko, ndi momwe amalume anazilandirira, ndikuuzani m'gawo lotsatira.