Zaka zisanu tikukonza makompyuta a galimoto ku Salima

Mwezi uno galaja yathu ya pa Kamuzu Road yakwanitsa zaka zisanu. Tinayamba ndi laputopu imodzi ndi kachipangizo ka OBD2 kowerengera mavuto mu kompyuta ya galimoto, tikuuza eni ma Sienta ndi ma Probox chomwe chayatsa nyali ya check engine. Lero timalemba makiyi ndi mapulogalamu a ECU, kompyuta yoyendetsa injini, ntchito yomwe kale mumaipitira ku Lilongwe.

Chaka cha 2022 tinatsala pang'ono kutseka. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ankangozimazima, ndipo nthawi yomweyo wogulitsa wina anatibweretsera bokosi lolembedwa kuti power supply, makina opereka mphamvu yokhazikika ku galimoto polemba pulogalamu, akulumbira kuti ndi lenileni. Linali chaja wamba! Tili mkati molemba pulogalamu m'galimoto ya kasitomala wa ku Senga Bay, mafani a injini anayamba kuzungulira, mphamvu inagwa, ECU n'kufera pomwepo. Tinagula ina ndi ndalama za m'thumba mwathu. Wogulitsayo mpaka lero sayankha foni, ndipo obwereketsa ndalama omwe anatikana nthawi imeneyo ndi omwe akutiimbira tsopano.

Nkhani yake ndi iyi. Polemba pulogalamu kiyi imakhala pa ON koma injini siilira, choncho alitaneta sithira moto m'batire. Galimoto imakoka moto wokwana ma amp 20 kapena 30, mafani akayaka kuposa apo. Chaja wamba mphamvu yake imakwera ndi kutsika, pomwe ECU imafuna mphamvu yokhazikika mpaka ntchito ithe. Makina omwe tinagula pambuyo pake amaima pa 13.5V osagwedezeka, amatha kupereka ma amp 70, ndipo tinawalumikiza ku inveta ndi mabatire a sola kuti magetsi akazima ntchito isaduke. Makinawa tinawapeza Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, apo ayi sitikadawakwanitsa.

Tikuthokoza mayi a kunyumba omwe anagulitsa mpunga wawo kuti tiyambirenso, achimwene omwe anatibwereka jenereta, anyamata athu ogwira ntchito padzuwa la Salima osadandaula, komanso kasitomala uja yemwe anapirira nafe n'kumatitumiziranso anzake. Madalaivala a minibasi za mu M5, inunso zikomo kwambiri.

Kaya mwataya kiyi, kaya giyabokosi ikugunda, bwerani nayo. Tisanalumikize laputopu tidzayamba takuyezerani batire, ndipo kuyezako n'kwaulere mwezi wonse uno.