Loweruka: botolo la Tynt Meadow

Lero madzulo tinatsegula Tynt Meadow, mowa umene amonke a ku Mount Saint Bernard Abbey, pafupi ndi Coalville ku England, akhala akufulula kuyambira 2018. Kale ankadalira ng'ombe za mkaka, koma mkakawo utasiya kupindula anatembenukira ku mowa. Botolo lake lili ndi chizindikiro cha Authentic Trappist Product, chosonyeza kuti ndi mowa weniweni wa amonke a chipani cha Trappist, ndipo sichiikidwa mwachisawawa: mowawo uyenera kufululidwa mkati mwa mpanda wa amonke, iwo eni akuyang'anira, ndipo ndalama zake n'zosamalira nyumbayo ndi kuthandiza osowa. Mowa wa ku Belgium wotchedwa Leffe ulibe chizindikirochi: ngakhale uli ndi dzina la nyumba ya amonke, ndi wa kampani ya AB InBev.

Botolo la Tynt Meadow ndi la 330 ml, ukali wake 7.4%. Mowa umenewu umapitiriza kuwira uli m'botolo, choncho yisiti imadikha pansi. Uwu si Chibuku wochita kukhutchumula. Botololo tinaliimika chilili kuyambira dzulo, ndipo tinalitulutsa m'furiji kutatsala mphindi 30 kuti tilitsegule, n'cholinga choti lifike pa madigiri 12 kapena apo. Ukazizira kwambiri fungo limabisala, mumangomva kuwawa basi.

Tambula ikhale yotakata kukamwa, yotsukuluzidwa bwino, chifukwa kasopo kapena mafuta otsalira amapha thovu nthawi yomweyo. Ipendeketseni, thirani pang'onopang'ono osalekeza, muiwongole mowa ukafika pakati. Mukalekeza panjira n'kudzutsa botolo, masese amavunduka ndipo mowa umada. Siyani sentimita imodzi pansi. Ena masesewo amamwa padera. Savulaza, amangowonjezera kuwawa.

Mtundu wake ndi wofiirira moderako, thovu lake lotuwira. Fungo loyamba ndi la chokoleti chakuda, kenaka nkhuyu zouma. Pakamwa umayamba ndi kutsekemera kwa chimera chokazinga, koma sunanda. Kumapeto kumabwera kuwawa kouma ndi katsabola pakhosi. Amene anazolowera Westmalle Dubbel, mowa wa amonke a ku Belgium, asayembekezere kafungo ka nthochi kaja. Balere, hops (maluwa amene amawawitsa mowa) ndi yisiti zonse n'za ku England, ndipo kwa ife m'pamene pagona ubwino wake: amonkewa sanakopere za ku Belgium.

Chotidandaulitsa n'chakuti utafunda kwambiri chakumapeto, ukali unayamba kuphimba zipatso zija. Tinaumwera nyama ya ng'ombe yamsuzi, zinayenderana. Botolo lachiwiri taliimika pamalo amdima ndi ozizira, tidzalilawe ikatha miyezi 6 kuti tione ngati kuwawako kudzafewe.