Mamiliyoni a m'chitini cha a malume

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi n'kufika pa K1,700, kwathu ku Kamwendo aliyense anasanduka katswiri wa zachuma. Ngakhale wogulitsa tomato ankati tomato wakwera chifukwa cha dola, chikhalirecho walima yekha kudimba. Nkhani pabawo inali imodzi, yoti ndalama yathu sigonekedwanso m'nyumba, wanzeru azisunga ya ku Zambia.

A malume anga, amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Kitwe, atandimva ndikudandaula za mtengo wa feteleza anandikokera kuchipinda. Anavundukula chitini cha mabisiketi n'kutulutsa mapepala khumi a ndalama za ku Zambia, nkhwazi ili ndoo pa lililonse, ndipo pakona palembedwa 50,000.

"Mphwanga, tenga. Ine ndakalamba, sindingathe zokakangana ndi anyamata a paboda."

Masiku amenewo kwacha imodzi ya ku Zambia inkaposa K60 yathu. Ndinatsegula kakyuleta pafoni. Pepala limodzi K3 miliyoni. Onse khumi K30 miliyoni. Ndinazimitsa foni, n'kuyatsanso, yankho silinasinthe.

Munthu akalemera mwadzidzidzi mayendedwe amasintha okha. Madzulo omwewo ndinagulira Chibuku anthu onse a pabawo, pangongole, ngakhale mkulu wina amene sitiyankhulana chifukwa cha malire a munda. Mayi akunyumba ndinawauza kuti mphika wobooka uja aupereke kwa agalu. Iwo anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abambo, a malume anuwo ngati ali ndi mamiliyoni, bwanji amatipempha mchere?" Ndinawayankha kuti anthu olemera enieni ndi otero.

M'mawa ndinavala jekete la paukwati, kutentha konseko, n'kukwera minibasi mpaka pa boma la Mchinji. Pamenepo ndinatenga kabaza wa njinga yamoto wopita kuboda ya Mwami, n'kumuuza kuti andidikire, ndimulipira kawiri pobwerera. Ndinanyamulanso thumba la feteleza lopanda kanthu, chifukwa K30 miliyoni m'mapepala a K5,000 si zoika m'thumba la buluku.

Anyamata osintha ndalama anandithamangira, mipukutu yomanga ndi labala ili m'manja. Ndinasankha wonenepa kwambiri, poganiza kuti ndiye angakwanitse. Ndinamutengera kuseri kwa thiraki n'kumunong'oneza kuti aitane anzake asonkherane, yekha sangathe.

Anatenga pepala limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza. Kenaka anaitanadi anzake.

"Tabwerani mudzaone! Madala awa abwera ndi ndalama za nthawi ya Mwanawasa!"

Anasonkhana mpaka madalaivala a mathiraki. Mmodzi, misozi ya kuseka ili mbwee, anandifotokozera kuti pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Pepala la 50,000 linasanduka K50, ndipo nthawi yokasinthitsa akalewo kubanki inatha kalekale. Mayi wina wa ku Chipata anapempha kuti ajambule limodzi, akaonetse ana ake amene sanaziwonepo. Wonenepa uja anati andigule onse khumi pa K2,000 yathu, akamate pakhoma.

Ndinalandira. Wa kabaza anailanda yomweyo, n'kutenganso jekete ngati chikole. Thumba la feteleza lija anandisiyira.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka, mwini Chibuku atakhala kale pakhonde panga ndi kope lake, mayi akunyumba akutsuka mphika wobooka uja mwakachetechete. Ndinadutsa onsewo mpaka kwa a malume, n'kuwafotokozera zonse.

Anapukusa mutu, nati anthu a ku Zambia alibe ulemu. Kenaka analowanso kuchipinda, ndikumva akukoka china chake pansi pa bedi.

"Usadandaule mphwanga. Chitini chinachi muli za ku Zimbabwe. Izi ndiye maziro ake sungawawerenge."