Nthunzi ndi mafuta a mumchenga ku Alberta

Ku Athabasca, m'chigawo cha Alberta ku Canada, mafuta amapezeka mumchenga ndipo ndi olimba ngati phula, moti sangapopedwe asanatenthedwe. Njira yotulutsira mafutawa pogwiritsa ntchito nthunzi, yotchedwa SAGD, imene katswiri wina dzina lake Roger Butler anaitulukira m'zaka za m'ma 1970, imafuna zitsime ziwiri zokumbidwa chogona, zotalikirana pafupifupi mamita 5: chapamwamba chimalowetsa nthunzi, chapansi chimatunga mafuta osungunuka. Vuto limabuka pamene mchenga wa mafutawo uli wopyapyala, chifukwa kutentha kochuluka kumathawira m'miyala yapamwamba ndi yapansi, osafika pa mafuta. Ine ndikuona kuti m'malo otere kuwotcha gasi wochuluka pofuna nthunzi yokha n'kutaya ndalama, ndipo makampani amene akuyesa kusakaniza nthunziyo ndi mankhwala osungunula mafuta ali pa njira yabwino.