Galamala ya Chizungu ndi mayeso a uphunzitsi

Masabata awiri atsala kuti tilembe mayeso ndipo usiku uliwonse tikumakhala anthu asanu kuhositelo kubwereza galamala mpaka magetsi atithawe. Chomwe ndaona ine n'choti zolakwa zathu zambiri zimachokera ku Chichewa chomwe timaganizira m'mutumu. Ife timangoti iye kaya ndi mwamuna kaya mkazi, ndiye pa he ndi she lilime limaterereka osazindikira n'komwe. Za borrow ndi lend nazonso, kwathu kubwereka ndi kubwereketsa ndi mawu apachibale ndiye munthu umangoti borrow me your pen, chonsecho zoyenera ndi lend me.

Dzulo takangana nthawi yaitali pa one of the teachers is kapena are, mnzathu wina analimbikira are poona teachers ambiriwo, koma mwini chiganizo ndi one, basi ndi is. Discuss about ija chotsani about. Since imafuna poyambira ngati since 2019, for imafuna kutalika kwa nthawi.

Zimandikhudza kwambiri chifukwa kuyambira Sitandade 5 ana amaphunzira m'Chizungu, ndipo kumudzi Chizungu chomwe mwana amamva tsiku lonse ndi cha aphunzitsi ake basi. Mawa tikulowa ma preposition, timawu ngati in, on ndi at.